Tsiku limodzi m'nyumba zagalasi za ku Kew: poyambira ndi pofunika kuimapo

Mlendo akabwera kuchokera kumudzi, ambiri a ife okhala kuno ku Britain timathamangira naye ku Buckingham Palace ndi pa Tower Bridge kukamujambula zithunzi zotumiza kwa abale. Ine wanga ndimapita naye ku Kew. Ndi munda wa zomera wa maekala oposa 300 kumwera chakumadzulo kwa London, m'mbali mwa mtsinje wa Thames, ndipo mkati mwake muli nyumba zikuluzikulu zagalasi zosungiramo zomera zimene sizingapirire chisanu cha kuno. Munthu wokulira pakati pa nthochi, mapapaya ndi nzimbe akalowa m'menemo amaona zimene mnzake wobadwira kuno sangazione. Koma pamafunika kudziwa poyambira. Amene amangolowa chilowelowe amatuluka miyendo ikuphwanya, foni itadzaza maluwa osawadziwa ndi dzina lomwe.

Musananyamuke

Gulani tikiti pa intaneti, chifukwa pageti mtengo umakwera. Ngati mumalandira Universal Credit kapena Pension Credit, pali tikiti ya £1. Tengani umboni wake. Ana osakwana zaka 4 salipira. Pa tsamba lawo lomwelo onani nyumba zimene zili zotsegula tsiku limenelo. Izi musazinyozere: mu 2025 a ku Kew analengeza kuti Palm House, nyumba imene anthu ambiri amapitira, idzatsekedwa kwa zaka zingapo kuyambira mu 2027 kuti ikonzedwe.

Kwerani sitima ya District line kapena ya Overground yopita ku Richmond, mutsike pa Kew Gardens. Kuchoka pasiteshoni kukafika pa Victoria Gate ndi mtunda wa theka la kilomita, msewu wake wowongoka. Mageti amatsegulidwa 10 koloko m'mawa, ndipo yesetsani kufika nthawi yomweyo, chifukwa nyumba zagalasi zimatsekedwa munda wonse usanatsekedwe.

Valani zovala zosanjikiza zovula mosavuta. Panja pangakhale pa madigiri 5, mkati n'kupeza thukuta lili kamukamu. Tengani madzi, kamba wa pa ulendo, kansalu kopukutira magalasi a m'maso ndi a foni, komanso kabuku ndi cholembera. Kabukuko ntchito yake muiona posachedwa.

Yambani ndi kachikwangwani, osati duwa

Pafupifupi chomera chilichonse ku Kew chili ndi kachikwangwani kakuda. Pamenepo pamalembedwa banja la chomeracho, dzina lake la Chilatini la mawu awiri, dziko limene chimamera chokha, ndi nambala yake ya m'kaundula, imene kawirikawiri imayamba ndi chaka chimene chinalembedwa. Pa chomera choyamba chimene chakukokani maso, imani muwerenge zonsezo. Liwu loyamba la dzina lili ngati mfunda, Phiri kapena Banda, logawana ndi abale. Lachiwiri ndi la chomeracho pachokha.

Liwu lachiwirili nthawi zambiri limabisa nkhani. Masuku athu aja dzina lawo ndi Uapaca kirkiana, kutengera John Kirk, dokotala wa ku Scotland amene anayenda ndi David Livingstone pa ulendo wa ku Zambezi ndi Shire kuyambira mu 1858 mpaka 1863, akutola zomera n'kumazitumiza kuno ku Kew. Mkungudza wa ku Mulanje ndi Widdringtonia whytei, kutengera Alexander Whyte amene anagwira ntchito ku Zomba m'zaka za m'ma 1890. Mukaona nyasica kapena nyassae, dziwani kuti akunena za kwathu. Mitengo imeneyi inali ndi mayina kale azunguwa asanaione, ndiye mukazindikira chomera, lembani m'kabuku kaja dzina la pachikwangwani kumanzere, la kwanu kumanja.

Mbiri ya mundawu ndi yomweyo, ya zomera zochoka kwina. Anauyambitsa mu 1759 ndi Augusta, mayi wa mfumu George III, pa maekala 9 okha. M'nthawi ya mfumuyo, katswiri wa zomera Joseph Banks anayamba kutumiza anthu m'maiko akutali kukasaka zomera. Mu 1840 munda unaperekedwa ku boma, ndipo chaka chotsatira William Hooker anakhala mkulu wake woyamba. Nyumba zagalasi zikuluzikulu zinabwera pambuyo pake.

Palm House: apa khalanipo ola lathunthu

Mukalowa pa Victoria Gate, musanapite patali, yang'anani nsanja yayitali ya njerwa ili chapafupi. Imaoneka ngati ya belu la tchalitchi, koma inali chumuni. Pansi pa Palm House panali ng'anjo 12 za malasha zotenthetsa madzi, ndipo pofuna kuti utsi usaipitse nyumbayo, anaudutsitsa m'ngalande ya pansi pa nthaka ya mamita pafupifupi 150 kuti ukatulukire pansanja imeneyi. M'ngalande yomweyo munali kanjanji kokankhirapo malasha. Mukamamva kutentha mkatimo, kumbukirani kuti kwa zaka zambiri kunali amuna okankha ngolo mumdima kuti migwalangwa isafe.

Nyumbayi inamangidwa kuyambira mu 1844 mpaka 1848. Mapulani anajambula ndi Decimus Burton, ndipo zitsulo anasula ndi Richard Turner wa ku Dublin. Panali pasanamangidwepo nyumba yagalasi yaikulu chotere ndi chitsulo chosula, choncho anabwereka nzeru kwa okhoma sitima zapamadzi. Imani patsidya pa dziwe muione bwino: ili ngati ngalawa yovundikira. Kutalika kwake ndi mamita 110, pakati pake mpotalika mamita 19 kupita m'mwamba, ndipo ili ndi magalasi okwana 16,000.

Lowerani khomo la kumwera, kumene kuli zomera za mu Africa. Mpweya wake ndi wa ku Nkhata Bay mvula ikangokata dzuwa n'kuwala. Pukutani magalasi, mudikire pang'ono thupi lizolowere, kenako funani chomera chokhotakhota chogonera pa michirikizo yachitsulo, chobzalidwa m'bokosi lalikulu. Chimafanana ndi kanjedza koma si kanjedza. Mtundu wake ndi wakale kwambiri kuposa zomera zonse zochita maluwa. Dzina lake ndi Encephalartos altensteinii. Francis Masson anachizula ku Eastern Cape ku South Africa ndipo chinafika ku Kew mu 1775, nyumba imene chilimoyi isanaganiziridwe n'komwe. Chimakula masentimita awiri ndi theka pachaka, chimalemera kupitirira tani imodzi, ndipo m'zaka zonsezi chinabala kamodzi kokha, mu 1819. Amati ndicho chomera cha mumphika chakale kwambiri pa dziko lonse. Mbale wake, Encephalartos gratus, amamera yekha m'munsi mwa phiri la Mulanje ndi kutsidya ku Mozambique.

Kenako funani kaluwa kamene mukadziwa kale: ka masamba obiriwira onyezimira, maluwa apinki kapena oyera, komera pakhomo ndi m'mbali mwa msewu popanda wokathirira. Kwawo ndi ku Madagascar, dzina lake Catharanthus roseus. M'kachomera kameneka ndimo asayansi a m'zaka za m'ma 1950 ndi 1960 anapeza mankhwala a vinblastine ndi vincristine, amene anasintha kwambiri chithandizo cha khansa ya m'magazi mwa ana. Vincristine yemweyo ndi mmodzi mwa mankhwala amene madokotala kwathu amapatsa ana odwala khansa ya Burkitt, ija yotupitsa nsagwada. Ndinene mosabisa, pakuti ndikudziwa mmene timaganizira tikamva kuti tsamba lili ndi mankhwala: musakawiritse masamba ake kuti mumwe. Ndi poizoni. Mankhwalawo amachotsedwa ku fakitale, pang'ono kwambiri kuchokera ku mulu waukulu wa masamba, ndipo amaperekedwa ndi dokotala pa mlingo wake.

Pakati pa nyumbayi pali zomera za ku America. Onani mtengo wa koko, umene zipatso zake zimamera pathunthu penipeni, ndipo imani pa mtengo wa mpira, Hevea brasiliensis. Mu 1876 Henry Wickham anabweretsa njere zake pafupifupi 70,000 kuchokera ku Brazil. Zinamera zosakwana 3,000, koma mbande zimenezo zitatumizidwa ku Ceylon (lero Sri Lanka), Singapore ndi Malaya zinabala minda ikuluikulu imene pofika m'zaka za m'ma 1910 inagwetsa malonda a mpira a ku Amazon. Aliyense amene anadutsapo m'minda ya Vizara ku Nkhata Bay, n'kuona tizikho tolendewera pamitengo, anaona mtengo womwewu. Zinachitikanso chimodzimodzi ndi mtengo wa cinchona, wopangira kwinini wa malungo, umene cha m'ma 1860 unachotsedwa ku mapiri a Andes kupita ku India, Kew ili pakati.

Ine sindiona chifukwa chokometsera nkhani imeneyi. Kew inali nkhokwe ya ufumu wa Britain: zomera zinkalowa kuchokera kwa eni ake, n'kutuluka kupita kumene zikapindulitse Britain, ndipo anthu amene analozera azungu mitengoyo, amene ankadziwa khungwa lochiza ndi muzu wakupha, mayina awo sali pa chikwangwani chilichonse. Komanso n'zoona kuti lero muli zomera m'nyumba zimenezi zimene kwawo zinatha, zikanapanda kusungidwa kuno sitikanazionanso. Ndi bwino kuyenda mukudziwa zonse ziwiri.

Musatuluke musanakwere masitepe oyera ozungulira aja. Amakufikitsani pakhonde la mamita 9 m'mwamba, pomwe mumaona migwalangwa kuchokera kunsonga. Kumwambako n'kotentha kuposa pansi, choncho achikulire ndi odwala mtima angodikira pabenchi.

Kanyumba ka akakombo a m'madzi

Pafupi pomwepo pali Waterlily House, yomangidwa mu 1852. Ndi yaing'ono, yotentha kuposa zonse, ndipo m'miyezi yozizira imakhala yotseka. Mphindi 15 zikwana. Akakombo akuluakulu a ku South America, a mtundu wa Victoria, amafesedwa mwatsopano chaka ndi chaka kuchokera ku njere, koma pofika Julayi tsamba limodzi limakhala lalikulu kuposa mphasa, m'mphepete mopindikira m'mwamba ngati lichero. Duwa lake limatsegula usiku: loyera usiku woyamba, lapinki wachiwiri. Mu 2022 akatswiri a ku Kew ndi anzawo a ku Bolivia anatsimikiza kuti pali mtundu wachitatu, Victoria boliviana, wa masamba ofika mamita 3, ndipo anapeza kuti chitsanzo chake chouma chinakhala m'makabati a ku Kew zaka 177 chili ndi dzina lolakwika.

A ku Nsanje ndi Chikwawa akayang'ana akakombo ang'onoang'ono a m'mbali mwa dziwelo aona china. Mizu ya abale a maluwa amenewa ndiyo nyika, imene anthu amakazula m'madambo a Shire chaka cha njala, m'madzi momwe muli ng'ona.

Princess of Wales Conservatory

Zungulirani dziwe mulowere chakumpoto. Nyumba iyi ndi yatsopano poyerekeza ndi zinzake: inatsegulidwa mu 1987 ndi Diana, amene panthawiyo anali Princess of Wales, ngakhale dzinalo likukumbukira Augusta uja woyambitsa munda. Ili ndi zigawo 10, chilichonse ndi nyengo yakeyake yoyendetsedwa ndi kompyuta, moti mukangokankha chitseko mwachoka m'chipululu mwalowa m'nkhalango ya mvula. Pansi pake pali chotengera cha mbewu chimene David Attenborough, wa mafilimu a zachilengedwe, anakwirira mu 1985, choti chidzatsegulidwe mu 2085.

Kuchigawo chouma yerekezani minga ya ku America ndi ya ku Africa. Zina zooneka ngati mapasa sizili pachibale n'komwe: cactus kwawo ndi ku America, pamene zathu zambiri zotuluka utomoni woyera ngati nkhadze ndi za banja la Euphorbia. Chilala ndicho chinaziumba mofanana. Chikwangwani chikuuzani.

Kuchigawo cha maluwa a orchid, amene amawachitira chionetsero chachikulu mwezi wa Febuluwale, a ku Zambia akumbukire chikanda, ndipo a kumpoto kwa Malawi chinaka. Timizu timene timasinja n'kuphika ndi nsinjiro ndi ta maluwa a banja lomweli, omera pansi m'madambo ndi m'mapiri, monga Disa, Satyrium ndi Habenaria. Ku Nyika kokha kuli mitundu yoposa 200. Malonda a chikanda akula moti timizuti tikusowa, ndipo akatswiri a ku Kew akhala akugwira ntchito ndi anzawo ku Zambia kufufuza njira yolimira m'malo mongokumba kutchire.

M'nyumba muno ndimo munachitika zomvetsa chisoni mu Januwale 2014. Kakombo wamng'ono kwambiri pa dziko lonse, Nymphaea thermarum, wa masamba onga kandalama kachitsulo, ankamera pa kasupe wotentha mmodzi ku Rwanda, ndipo cha mu 2008 anasowa pamalopo anthu atapatutsa madzi. Mu 2009 Carlos Magdalena wa ku Kew anatulukira kuti mbande zake sizifuna kumizidwa ngati akakombo ena. Zimafuna matope onyowa, masamba ali pamphepo. Atachulukitsa, anaika ena poti anthu aone, ndipo munthu wina anazulapo mmodzi n'kupita naye. Choncho lamulo ili ndilinene mwamphamvu, makamaka kwa ife amene tinazolowera kuthyola kanthambi kwa mnansi kuti tikabzale: ku Kew musathyole, musatole njere, ngakhale yagwa pansi. Ndipo ngati mwagula mbewu m'sitolo yawo kuti mupite nazo kumudzi, yambani mwafunsa za chilolezo cholowetsera zomera m'dziko. Malamulo amenewo alipo kuti matenda ndi tizilombo zisafike m'minda ya anthu.

Mukatuluka, idyani kamba wanu pa kapinga. N'zololedwa.

Temperate House, masana

Kuchoka apa kupita ku Temperate House ndi ulendo wa mphindi 15 kapena 20, kulowera kumwera kumene kukuoneka nsanja ya Pagoda. Iyi ndiyo nyumba yagalasi yaikulu kuposa zonse zotsala za m'nthawi ya mfumukazi Victoria, kuwirikiza kawiri Palm House. Mapulani ndi a Burton yemwe uja. Chigawo chapakati chinatsegulidwa mu 1863, koma ndalama zinavuta, ndipo nyumba yonse inatha mu 1899. Inatsekedwa zaka zisanu kuti ikonzedwe ndi ndalama zokwana £41 miliyoni, n'kutsegulidwanso mu Meyi 2018 ili ndi zomera 10,000 za mitundu 1,500. Muno simotentha, nyengo yake ndi ya ku Dedza kapena pa Zomba mwezi wa Meyi. Jekete ija ivaleninso.

Chimene mwadzera muno ndi Encephalartos woodii. Mu 1895 John Medley Wood anapeza tsinde limodzi la chomerachi m'nkhalango ya Ngoye ku KwaZulu-Natal. Zomera za mtundu umenewu zimakhala zazimuna ndi zazikazi padera, ndipo chimene anapezacho chinali chachimuna. Chachikazi sichinapezekepo mpaka lero. Mphukira yake inafika ku Kew mu 1899, ndipo zonse zimene zili m'minda ya pa dziko lapansi ndi mphukira za tsinde limodzi lomwelo, monga timachitira ndi ana a nthochi. Chimatulutsa mungu, koma palibe choti chilandire. Amene muli ku South Africa simufunika kudza ku London: mathunthu ochokera ku Ngoye komweko ali ku Durban Botanic Gardens.

Ndikaima pamenepa maganizo anga amapita ku Mulanje. Mkungudza, mtengo wa fuko lathu, umamera wokha paphiri limenelo basi, ndipo kalembera wa mu 2017 anapeza mitengo ikuluikulu 7 yokha yotsala, ena onse atadulidwa kapena kupsa. Bungwe la Botanic Gardens Conservation International, limene likulu lake lili pa Kew pomwepa, linagwirizana ndi Mulanje Mountain Conservation Trust ndi a zofufuza za nkhalango a ku Zomba kuthandiza midzi yozungulira phiri kufesa mbande mazanamazana. Mbande zimenezo zikufunika zaka zambiri zopanda moto ndi nkhwangwa kuti zidzatchedwe nkhalango.

Ngati miyendo ikadali ndi mphamvu, lowani mu Marianne North Gallery pafupi pomwepo. Mayi ameneyu anayenda maiko ambiri akujambula zomera pamalo pamene zimamera, ndipo zithunzi zake zoposa 800 zadzaza makoma kuyambira mu 1882. Potuluka, Lion Gate ndiyo ili pafupi, ndipo kuchokera pamenepo mutha kuyenda mpaka pa siteshoni ya Richmond.

Mukafika kunyumba, tsegulani kabuku kaja

Chuma chachikulu cha Kew alendo sachiona. Pafupi ndi Kew Green pali nyumba yosungira zomera zouma zomatidwa pamapepala, pafupifupi 7 miliyoni, kuphatikizapo zimene Kirk anatola m'chigwa cha Shire. Kuchokera m'makabati amenewo ndimo munatuluka mabuku a Flora Zambesiaca, amene anayamba kusindikizidwa mu 1960 ndipo amafotokoza zomera za ku Malawi, Zambia, Mozambique, Zimbabwe ndi Botswana. Ku Wakehurst, ku Sussex, kuli nkhokwe yawo ya njere yotsegulidwa mu 2000, yosunga njere zoposa 2 biliyoni pa kuzizira kwa madigiri 20 pansi pa ziro. Njere imene inakwanitsa biliyoni yoyamba mu 2007 inali ya Oxytenanthera abyssinica yochokera ku Mali, imene ndi nsungwi yomweyi timalukira madengu.

Pitani pa tsamba lawo la Plants of the World Online, n'laulere. Lembani dzina limodzi la m'kabuku kanu, muone mapu a kumene chomeracho chimamera chokha ndi kumene chinachita kufikitsidwa ndi anthu. Yambani ndi mango, chinangwa, papaya ndi chimanga. Mupeza kuti palibe n'chimodzi chomwe chimene kwawo ndi ku Africa. Kenako yesani mapira, mawere, khobwe ndi nzama. Pomwe kumanja kwa tsamba lanu kwatsala mpata, tumizani chithunzi kwa agogo kapena amalume pa WhatsApp, akuuzeni dzina lake ndi ntchito yake.

Amene muli ku Malawi mutha kuyenda ulendo wonga womwewu ku Zomba. Munda wa zomera wa kumeneko unayambika m'zaka za m'ma 1890 m'manja mwa Whyte uja, ndipo lero uli pansi pa National Herbarium and Botanic Gardens of Malawi, imene ilinso ndi minda ku Lilongwe ndi ku Mzuzu. Uli m'tsinde mwa phiri, mtsinje wa Mulunguzi ukudutsa pomwepo, ndipo mitengo yake ili pamtetete, yosafuna galasi kapena ng'anjo. Tengani kabuku komweko, mupite m'mawa.